Mtsikana Amene Anapha Thonje la Bambo Ake

Thonje lonse linafa. Sikunali kufota kwa dzuwa kuja kumene mbewu imadzukanso mvula ikagwa, iyayi. Masamba anapiringizika, anachita chikasu, kenako anauma ngati m'munda mwadutsa moto. Udzu nawo unafa, koma ndani angayamikire imfa ya udzu umene wapita ndi mbewu yomwe?

Amene anapha munda umenewo anali Shamim, mwana woyamba wa Che Chande a ku Chikweo, m'boma la Machinga. Anali mu Fomu 3. M'mawa umene nkhani inamveka, iye anaima kumapeto kwa mzere manja ali kumutu, anthu atakhamukira kumundako ngati pagwa galimoto.

Inu amene mukufuna mawu okulimbikitsani, dikirani kaye ndikuuzeni mmene zinayendera. Nkhani imeneyi imandipsetsa mtima, ndipo sindibisa.

Chaka chimenecho msana wa Che Chande unavuta. Kupalira kunachedwa, udzu n'kupitirira thonje. Shamim anali ndi kafoni kosweka galasi kamene mjomba wake anamutumizira kuchokera ku Joni. Pofuna kuthandiza, analemba pa intaneti m'Chingerezi chake cha kusukulu, kufunsa njira yophera udzu m'munda wa thonje. Choyamba kutuluka chinali vidiyo. Bambo wina wa imvi, wa kudziko lakutali, ankapopera mankhwala pamwamba pa munda wonse osasankha. Udzu unkagwa, thonje n'kutsala chiimire, lobiriwira bwinobwino.

Mankhwala a dzina lomwelo analipo m'sitolo ina pamsika. Che Chande anaionera vidiyo ija, anabwerezanso, n'kunena kuti sukulu ikumukomera mwana wawo. Anakagula okha. Wogulitsa anapereka botolo osafunsa n'komwe kuti likukagwira ntchito yanji. Mnansi anabwereketsa sipuleya ya kumsana, akuti akaona zotsatira nayenso apopera kwake. Akuluakulu onsewa, ndevu zawo zomwe, palibe amene anati taimani. Koma tsiku la maliro a thonje, wolakwa anapezeka mmodzi yekha, ndipo anali mtsikana.

Bambo ake sanamumenye. Mwina kumenya kukanakhala bwino. Anangoyankhula pamaso pa anthu onse.

"Sukulu yako yatha lero," anatero Che Chande. "Ndipo mng'ono wako Maryam akamaliza Sitandade 8, basi. Wallahi, m'nyumba mwanga simudzatulukanso mwana wopita ku sekondale kukaphunzira kupha minda."

Maryam anali mu Sitandade 6. Anali mwana wowerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo, ngakhale thumba la feteleza. Sanagwire sipuleya, sanagwire foni, tsiku lopopera anali m'kalasi. Koma chilango chinamugwera iyenso, ndipo ichi n'chimene chinamudya Shamim kuposa kuchotsedwa sukulu kwa iye mwini.

Mudzi sunachedwe kumupatsa dzina. Akamapita kumjigo, ana ankamutsatira akukuwa kuti "Alangizi! Alangizi a thonje!" Azimayi akuluakulu, amene amayenera kuletsa ana, ndi amene ankaseka kwambiri. Chaka chimenecho banja lija linadalira chinangwa ndi ganyu, ndipo njala iliyonse imene inalowa m'nyumba ankaitchula dzina la Shamim.

Atatopa, anaponya kafoni kaja m'chimbudzi n'kupita ku Balaka.

Kumeneko anayamba ndi kuchapira anthu zovala. Kenako anapeza malo osesa ndi kutunga madzi pa kashopu ka Mayi Matilda, pafupi ndi depoti. Mayi Matilda ankachita fotokope, kutayipira anthu makalata, komanso anali ndi makompyuta awiri akale amene anthu ankagwiritsapo intaneti. Anali mayi wa ku Katolika, wa pakamwa posabisa mawu. Sanachedwe kuona kuti mtsikana wake watsopano akamapukuta fumbi, makompyuta aja amawalambalala ngati ndi galu woluma.

"Iwe, zimenezi zinakulakwira chiyani?" anamufunsa tsiku lina.

Shamim anafotokoza zonse, akuyembekeza kusekedwa. Mayi Matilda sanaseke. Anakoka mpando.

"Khala apa. Timufunefune bambo wako wa imvi uja, atiuze bwino."

Anamupeza. Anali pomwepo, akumwetulira, akupopera munda wake wobiriwira. Mayi Matilda anatsitsa tsamba lija pansi pang'ono, pamene panali timalemba ting'onoting'ono. Anamuuza Shamim kuti awerenge yekha. Panalembedwa kuti thonje la bamboyo ndi mbewu yapadera, yokonzedwa kuti izipirira mankhwala amenewo, ndipo wopopera pa mbewu ina iliyonse adzaipha.

Zinalembedwa. Nthawi yonse ija zinali pomwepo, pansi pa chala chake.

Shamim sanalire misozi yachisoni. Anamenya tebulo mpaka mapepala a makasitomala anagwa. Sukulu yake, sukulu ya Maryam, dzina lake, zonse zinapita chifukwa cha timizere timene palibe anamuuzapo kuti timayenera kuwerengedwa.

"Nanga sunadzifunse kuti munthuyu ndi wa kuti?" anafunsa Mayi Matilda. "Kapena mbewu yake ndi yanji?"

"Mayi, munthu wamkulu, wa imvi," anayankha Shamim. "Ndikanamukayikira bwanji?"

Pamenepo m'pamene panagona nkhani yonse. Ife ana athu timawalera bwino kwambiri. Timawaphunzitsa kugwada, kulandira ndi manja awiri, kuyang'ana pansi wamkulu akamayankhula. Mwana wofunsa wamkulu kuti mwamva kwa ndani timati ndi wamwano. Kenako timamupatsa foni, mmene muli anthu a dziko lonse, anzeru ndi zitsiru, ogulitsa ndi akuba, onse ovala bwino ndi oyankhula motsimikiza. Mwana uja amawagwadira onse. Akapweteka timati foni zawononga ana. Ayi ndithu, ndife amene tinamutuma kumsika osamuuza kuti kumsika amanama.

Kuyambira tsiku limenelo Shamim analeka kulambalala makompyuta. Akamaliza kusesa, Mayi Matilda ankamulola kukhalapo ngati palibe kasitomala. Ankafunsa chinthu chimodzi m'njira zosiyanasiyana n'kumaona mmene mayankho akusinthira. Anazindikira kuti chimene chabwera pamwamba nthawi zina ndi malonda chabe. Anazindikira kuti tsamba lina linalembedwa kale kwambiri, zinthu zisanasinthe. Chimene chinamukwiyitsa kwambiri n'chakuti akafunsa m'Chichewa zinkatuluka zochepa, m'Chiyao ndiye kungoti zii, ngati kuti anthu a kwathu alibe mafunso.

Masana pashopupo pankabwera ana a sukulu kudzafufuza za homuweki. Shamim akawayang'ana ankadziona yekha. Kamtsikana kena kanalemba pa foni imene kanabwera nayo chiganizo chachitali, koyamba moni, kenako chonde bwana, kenako funso la mitsinje ikuluikulu ya m'dziko lathu. Kanakopera yankho loyamba lonse m'kope, mitsinje ya dziko lina la kutsidya kwa nyanja zamchere, Shire osaonekamo n'komwe. Kanatseka kope kakusangalala.

Shamim anakagwira pamkono.

"Shire ali kuti pamenepa?"

"Foni yanena choncho, anti."

"Foni si mjomba wako," anatero Shamim. "Siikudziwa kuti dziko lanu ndi liti. Uiuze. Ndipo moniyo usiye, siyankha."

Analemba naye mawu ochepa okha: mitsinje, Malawi. Shire anatulukira. Mawa lake kamtsikana kaja kanabwera ndi anzake.

Shamim sanaphunzire zauphunzitsi, ndiye anagwiritsa zimene zinali pafupi. Ankawaimika anawo pakhomo pa shopu n'kuwalozera kudepoti.

"Mukafika apo, woitanira amene wakuthamangirani koyamba, wokuwa kwambiri, ndiye kuti minibasi yake ndi yabwino?"

"Iyayi!" ana ankayankha akuseka. Onse ankadziwa za minibasi imene amati yatsala ndi munthu mmodzi pamene m'kati mwakhala anzawo a oitanira.

"Ndiye bwanji pa foni mumakwera yoyamba?"

Ankawaphunzitsa kusankha mawu enieni a funso n'kutaya mankhusu. Kuwonjezera dzina la dziko, nthawi zina ndi chaka. Kuyang'ana kuti wolembayo ndi ndani, ali kuti, ndipo akufuna kukugulitsa chiyani. Kusakhutira ndi tsamba limodzi. Ndipo koposa zonse, kutsitsa pansi, kuwerenga mpaka kumapeto ngakhale zilembo zichepe bwanji. Pa ichi anali wankhanza. Mwana akanena kuti ndapeza asanafike kumapeto, ankamubweza ngati wophika nyemba zosapsa. Chikomekome cha nkhuyu, ankawauza, m'kati muli nyerere.

Musaganize kuti anthu anamuombera m'manja. Tsiku lina bambo wina anafika pashopupo atatupa ndi ukali. Mwana wake anali atamufunsa kunyumba kuti uthenga wa mankhwala a shuga umene bamboyo anautumiza kwa abale onse anaumva kwa ndani.

"Mukuphunzitsa ana mwano kuno!" anakalipa. "Wantchito wosesa, wosamaliza sukulu, ndiye azisokoneza mabanja athu?"

Makolo ena analetsa ana awo. Makasitomala ena anasamukira pashopu ina. Poona zimenezi, Shamim anayamba kulongedza tizovala take. Koma Mayi Matilda anangoti, "Ukupita kuti? Amene wakwiya chifukwa mwana wafunsa, ndiye kuti yankho analibe. Koma iwenso aphunzitse kufunsa atagwada."

Anatero ndithu. Anawaphunzitsa anawo kuti wamkulu sumuuza kuti mwanama. Umati, tiyeni tionere limodzi. Pang'onopang'ono ana anabwerera, aphunzitsi ena anayamba kutumiza makalasi awo Loweruka, ndipo tsache linapatsidwa kwa munthu wina. Shamim uja wosesa anakhala woyang'anira makompyuta.

Koma mtima wake sunali pa Balaka. Maryam anali atafika mu Sitandade 8, ndipo lumbiro la bambo awo linali chikhalire.

Pa tchuthi Shamim anapempha kuti mng'ono wake abwere adzathandize ntchito. Che Chande analola, poti pakamwa pamodzi pachepa panyumba. Maryam sanagwire ntchito ina iliyonse. Anakhala pa kompyuta kuyambira m'mawa, mkulu wake ali pambali, akumukalipira kuposa ana ena onse. Mwanayo anagwira msanga, moti pofika kumapeto kwa tchuthi ndi iye amene ankakonza anzake a m'tauni.

Mayeso analemba. Zotsatira zitatuluka, Maryam anasankhidwa kupita ku sekondale yogonera komweko, kupitirira Balaka. Mudzi wonse unamva. Aphunzitsi anapita kunyumba kukapempha, amayi ake anapempha, ngakhale anzawo a kumzikiti anayesa. Che Chande yankho lawo linali limodzi, m'Chiyao chosapita m'mbali: "Ngwamba." Iyayi basi.

Sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, Shamim anakwera minibasi ya ku Liwonde, kenako ya ku Ntaja, kenako njinga mpaka ku Chikweo. M'chikwama anali ndi mafoni akale amene Mayi Matilda anasonkhanitsa kwa anzawo. Anapita kwa a Blasius, ahedi a pulayimale imene iye anaphunzirapo, n'kupempha kuti aziphunzitsa ana kufufuza pa intaneti Loweruka lina lililonse. A Blasius anati iwo alibe vuto, koma makolo avomere kaye. Shamim ankafuna zomwezo. Ankadziwa kuti bambo ake sangajombe pamsonkhano wokana mafoni.

Msonkhano unachitikira kuseri kwa sukulu, pa chulu chachikulu, chifukwa m'dera lonselo m'pamene netiweki inkagwira bwino. Anthu anabwera ambiri. Ena anabwera kudzamva, koma ambiri anabwera kudzaona Alangizi a thonje akuchitanso manyazi.

Shamim atangoyamba kufotokoza, Che Chande anaimirira.

"Mawu ambiri sitikuwafuna. Ine ndili ndi funso, foni yanuyo iyankhe." Shamim anatulutsa foni, koma iwo anakweza dzanja. "Osati iwe. Iwe tinakuona kale. Mpatse mng'ono wako, amene akuti ndi wanzeru uja."

Maryam anakwera pachulu paja, anagwada, n'kulandira foni.

"Ifunse kuti chimanga amadzala mwezi wanji," anatero bambo ake. "Mawu omwewo, usawonjezere. Chimene chituluke uwerenge mokweza."

Unali msampha, ndipo aliyense anauona. Mwana wa zaka zisanu ku Chikweo amadziwa nthawi yodzala. Maryam analemba. Anayang'ana foni, anayang'ana mkulu wake, n'kuwerenga.

"Akuti mu Epulo kapena mu Meyi."

Kuseka kumene kunabuka pamenepo! Azibambo anagwetsa zisoti, azimayi anagwirana mapewa. Epulo, chimanga chikuuma m'munda, ndiye munthu azidzala! Wina anakuwa kuti apatseni sipuleya amalize. Anthu akuluakulu, ena ali ndi zidzukulu, kusangalala kuti mwana wagwa. Ine zoterezi sindizimvetsa mpaka lero.

Maryam sanatsike pachulu. Anadikira phokoso lichepe.

"Ababa, ndawerenga chifukwa mwandituma. Koma sindinavomere."

"Wati chiyani?"

"Ameneyu akunena za kwawo. Taonani apa, alemba dzina la dziko lake. Kwawoko nthawi ya mvula yathu kumakhala chisanu choopsa, sadzala kanthu. Sakutidziwa ife. Mukandilola, ndimufunsenso bwino."

A Blasius anati mwana apitirize. Maryam anawonjezera dzina la dziko lathu, anadumpha tsamba loyamba chifukwa linali la ogulitsa mbewu, anatsegula lina la anthu a zaulimi, anawerenga mpaka pansi, n'kutsegulanso lina.

"Awiriwa akugwirizana. Akuti ndi mvula yoyamba yokwanira, cha mu Novembala kapena Disembala."

"Nanga tsiku lake?" anafunsa bambo wina kumbuyo, pofuna kudzutsanso chiseko.

"Limenelo sangalidziwe," anayankha Maryam. "Sanafikeko ku Chikweo."

Che Chande anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali. Iwo ankakhulupirira kuti sukulu imasandutsa ana akapolo a foni, ndiye apa mwana wawo anali ataitsutsa pamaso pa anthu ngati mmene amatsutsira wogulitsa usipa wowola. Atayankhulanso, mawu awo anali otsika, ndipo funso silinali msampha.

"Chinangwa changa chikumawola m'kati, kunja chili bwinobwino. Ifunse."

Maryam anafufuza. Nthawi inapita ndithu, anthu n'kuyamba kusuntha pamipando. Kenako anaika foni pansi.

"Sindikudziwa, ababa. Ena akuti ndi matenda, ena akuti ndi madzi ochuluka m'nthaka. Zithunzi zake zikufanana. Tizule chimodzi tipite nacho kwa alangizi a zaulimi, akachione ndi maso."

Che Chande anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Zikanathera pamenepo, mwina zikanatha bwino. Koma munthu wamkulu kuvomera poyera n'kovuta, ndiye anafuna pothawira.

"Mkulu wakoyu akanakhala ndi nzeru zimenezi," anatero, "bwenzi tisanavutike."

Shamim anali atameza zambiri kwa zaka ziwiri. Izi zinamukanika.

"Anandiphunzitsa ndani, ababa?" Mawu ake anamveka mpaka kumbuyo. "Munandiphunzitsa kugwada ndi kulandira, ine ndinalandira. Vidiyo ija munaionera nanu. Botolo munakagula ndinu. Amene anabwereketsa sipuleya ali pompano, akundiyang'ana. Ine ndinalakwa, sindikana, ndipo ndalipira. Koma Maryam analakwa chiyani? Nzeru zimene mukuziyamikazi ndamuphunzitsa ndine, wopha minda yemwe uja!"

Mwana wamkazi kuyankha bambo ake chotero, pagulu, ku Chikweo! Amayi ake anaphimba nkhope ndi mpango. Che Chande anatola chisoti chawo, anakwera njinga, n'kumapita osatembenuka. Msonkhano unabalalika popanda chigamulo.

Shamim anabwerera ku Balaka mawa lake akudzitukwana njira yonse. Anali atafika pafupi, kenako pakamwa pake panagwetsa zonse. Analephera kudya. Anauza Mayi Matilda kuti kachiwiri tsopano wamutsekera mng'ono wake chitseko.

"Unanama?" anafunsa mayi uja.

"Iyayi."

"Ndiye gwira ntchito, ana akudikira."

Tsiku lotsegulira sukulu linafika. Kudepoti kunadzaza ana a yunifolomu, matiresi omangidwa ndi zingwe, ndowa zatsopano. Shamim anakhala chofulatira khomo kuti asaone. Cha kumasana anamva munthu akuodira. Anatembenuka.

Anali Che Chande, fumbi la ulendo lili m'ndevu, atasenza matiresi paphewa ngakhale msana wawo unali wovuta uja. Kumbuyo kwawo kunali Maryam, atanyamula ndowa ndi chikwama, akulephera kubisa mano.

Bambo aja sanalowe. Sanayang'anenso Shamim kumaso. Anatsitsa matiresi pakhomo.

"Umuperekeze mng'ono wako," anatero. "Ine za m'tauni sindizidziwa." Anakonza chisoti. "A Blasius akuti Loweruka ubwere. Makolo avomera."

Basi. Pepani sanamupatse, tsiku limenelo kapena lina lililonse, ndipo ine sindikunamizani kuti anamupatsa. Zaka zake za sukulu zimene zinatayika palibe anamubwezera. Koma masana amenewo Shamim ananyamula matiresi a mng'ono wake pamutu, anadutsa oitanira onse amene anamuthamangira, anasankha yekha minibasi, n'kukamusiya Maryam pageti pa sekondale.

Lero Loweruka lina amakhala ku Balaka, lina ku Chikweo, ana atamuzungulira, mafoni akale akuyenda dzanja ndi dzanja. Akadali waukali. Mwana akamuuza kuti foni yanena, amadziwa yekha chimene chikubwera.

Tsono inu akuluakulu, lekani kuponyera ana mafoni ngati mukuponyera nkhuku gaga, kenako n'kumawaseka akatsamwa. Khalani nawo pansi. Aloleni afunse kuti wanena ndani, ngakhale wonenayo mukhale inu.

Ndipo iwe amene unalakwitsa kamodzi mudzi wonse n'kukupatsa dzina, ndikudziwa kuti ukupsa mtima. Psa ndithu, uli ndi chifukwa. Koma mkwiyo umenewo usauthere pa kulira kuseri kwa nyumba. Pita ukamvetse pamene unagwera, kenako ukaime pamenepo kuti wobwera pambuyo pako asagwerenso. Akuseke, akunyoze, akumane pepani. Iwe usataye mtima, dzuka, pali mwana amene akudikira kuti umutsegulire njira.